Tsiku Limene Chisilamu Chinatha ku Kachulu

Bambo oyandikana nafe nyumba alowa yunivesite imvi zili mbuu, ndipo phunziro lawalowa m'magazi ndi sitatisitikisi, la manambala a kafukufuku. Masiku ano sanena kuti nsomba zachepa, amati avareji yatsika. Ukawatsutsa amaimika chala: "Manambala sanama, mwanawe." Akatero amayamba kudziseka okha, poti mudzi wonse ukudziwa za Lachisanu lija.

Aphunzitsi anawatuma kukafunsa anthu za chipembedzo chawo, aliyense wokumana naye, osasankha. Iwo anapalasa njinga mpaka padoko la Kachulu, dzuwa lili paliwombo. Onse amene anawapeza akuyanika matemba anali Akhristu. Anabwerera kunyumba mtima uli dyokodyoko, ngati atulukira chimene dziko lonse silidziwa.

"Mayi, Chisilamu chatha ku Kachulu!"

Akazi awo, omwe anali atangofika kuchokera kumzikiti, anawayang'ana kuyambira kuphazi mpaka pakofiya.

"Anzanu tonse tinali ku Juma, mapemphero a Lachisanu, bambo. Msilamu amene amayendayenda padoko nthawi imeneyo anali mmodzi yekha."

Nkhaniyi bambowo amaimaliza okha, akupukuta misozi ya phwete: "Ndipo ameneyonso ndinaiwala kumuwerenga."