Kuchokera ku Dublin Kukafika ku Lisbon

Nditapeza mwayi wa ntchito yosamalira okalamba ku Dublin, sindinachedwe kuvomera. Amayi, omwe amalima ku Nkaya, anakondwa pa chifukwa china. Achimwene anga a Antonio anali atakhala kale ku Lisbon zaka zinayi, ndipo kwa amayi Ulaya ndi mudzi umodzi.

"Poti nonse mukhala konko, uzikawaona achimwene ako," anatero.

Ndinangoti chabwino, koma mumtima ndinali nditakana. Achimwene sanabwere pamaliro a bambo, ndipo ine ndinawalankhula mawu oyipa pafoni. Kuyambira pamenepo sitinkayankhulana.

Ku Dublin ndinakhala zaka zitatu. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, amayi mpaka anafolera nyumba ndi malata. Koma kusungulumwa kunandidya, sindibisa. Lamlungu ndinkangokhala m'kachipinda kanga, mvula ili waa pawindo, wondiyankhula Chichewa palibe. Ndikaimba foni kumudzi funso linali lomwelo: "Wawaona?" Ine yankho ndinali nalo lokonzeratu: "Amayi, ndi kutali, makilomita oposa 1,600, ndiponso pali nyanja." Amayi ankangoti, "Ooh, pepa mwanawe." Nambala ija inkawaopseza, ine n'kumabisala kuseri kwake.

Chaka chatha ndinabwera kutchuthi. Amayi anadzandichingamira ku Balaka, nsapato zili matope okhaokha chifukwa mvula inali itagwa, wakabaza anawatsitsa panjira ndipo mbali ina anayenda pansi. Tinakhala pakhonde la golosale tikumwa zoziziritsa kukhosi, iwo akundipenda masaya ngati ndanenepa.

"Agnesi, zamakilomitazo ine sindizidziwa," anayamba. "Tandiuza bwino. Ukamwa tiyi m'mawa n'kukwera ndegeyo, kwa achimwene ako ungafike nthawi yanji?"

Ndinasowa pothawira. "Ndege imayenda maola osakwana atatu. Nkhomaliro ndingakadyere konko."

Amayi anaika botolo pansi n'kuseka mpaka misozi. "Iyayi, iwe! Ine ndanyamuka kusanache, ndafika kuno dzuwa lili paliwombo. Ndiye kuti wako ulendo ndi waufupi kuposa wangawu? Zaka zitatu ukundinamiza ndi masamu!"

Ndinachita manyazi kwambiri, koma iwo sanandikalipire. Anangondisisita pamsana.

Tsiku lobwerera anandipatsa kathumba ka kalongonda wouma, nyemba zomwe achimwene ankazikonda ali mwana, zija zimafuna kuwiritsa tsiku lonse. Anati, "Usatumize ndi munthu. Ukawaphikire wekha, ndipo pomwe zikupsa mukhala mutayankhulana."

Ndinaphika kalongondayo ku Lisbon mwezi wotsatira. Mphika usanawire n'komwe, achimwene anandiuza kuti nthawi ya maliro ija mapepala awo anali asanatuluke, akanapita sakanaloledwa kubwerera. Amayi ankadziwa kuyambira kale. Ine ndekha ndi amene sindinafunse.