Mapulonzi a Ababa

Ababa anga anayendetsa basi moyo wawo wonse, ndipo mpaka lero anthu a mumsewu mwathu amawatchula a Dalaivala ngakhale chiwongolero anachisiya kalekale. Ndi munthu wosakhulupirira chinthu chochitika mofulumira. Injini ankayamba aitenthetsa kaye okwera akung'ung'udza, nsapato amazipukuta ngati akukafunsira mbeta, ndipo nyama ikafika patebulo amaibaya ndi foloko kuti aone ngati yapsadi. Kukhitchini ankalowako pokhapokha akafuna machesi.

Zinthu zinasintha Amayi atadwala sitiroko. Anatuluka m'chipatala mkono wamanja uli lende, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka limodzilimodzi movutikira. Choopsa kwambiri chinali chakuti anasiya kudya. Tikabweretsa phala ankatembenukira kukhoma. Adokotala sanatibisire: akapitiriza kuonda chonchi awagonekanso m'chipatala n'kumawadyetsera m'kapaipi ka m'mphuno. Amayi atamva anangotseka maso. Ine ndinachita mantha kwambiri, chifukwa ndimawadziwa. Akanabwererako, akanangotaya mtima n'kudzisiya.

Loweruka m'mawa ndinapeza Ababa ali kukhitchini atavala epuloni ya Amayi chotembenuza. Patebulo panali mapulonzi osendasenda, tinkhanu tija ta m'nyanja yamchere, pamodzi ndi chitini cha mkaka wa kokonati. Amayi ali mtsikana ankagulitsa nsalu m'sitolo ya amwenye, ndipo mkazi wa mwini sitoloyo ndi amene anawaphunzitsa kuphika mapulonzi mumsuzi wa binzali. Ankaphika mwa apo ndi apo, pakhomo pakagwa chosangalatsa, ndipo ndi chakudya chokhacho chimene ndinawaonapo akudziwonjezera okha m'mbale.

"Ababa, kaphikidwe kake mumakadziwa?" ndinafunsa.

"Ndadya zaka zonsezi, iwe. Pakamwa panga pakudziwa."

"Pakamwa sipaphika, Ababa."

"Dula anyeziyo. Ukulongolola ngati kondakitala."

Kunena zoona, msuzi unayenda bwino. Anyezi anafiira m'mafuta, tinathira adyo ndi jinja wosinja, kenako binzali, tsabola pang'ono ndi matimati. Chilichonse Ababa ankayamba achinunkhiza. Atathira mkaka wa kokonati msuzi unasanduka wachikasu, fungo n'kudzaza nyumba yonse. Chitseko cha kuchipinda anali atachisiya chotsegula mwadala, ndipo ankangosuzumirasuzumira m'khonde la m'kati ngati fungolo aliona likulowa.

Vuto linayamba titaponyamo mapulonzi. Sanachedwe kufiira n'kupindika, ndipo ndinakumbukira kuti Amayi zikafika pamenepo ankaphula poto.

"Apsa, Ababa. Zimitsani."

"Zinthu zalowa pompanozi? Ukufuna ndiwapatse amako zaziwisi, munthu wodwala?"

"Sizichedwa izi. Si nyemba."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero, n'kuvundikira poto, n'kuwonjezera moto.

Ndinapsa mtima moti ndinatuluka panja kukaanula zovala zomwe zinali zisanaume. Munthu wamakani ngati Ababa sindinamuonepo. Koma mkwiyo wanga unali ndi mantha pansi pake, ndipo makani awo nawonso anali mantha omwewo. Aliyense ankaopa kuti chakudya chimenechi chikabwerera osachikhudza, tilibenso china choyesa.

Ndili panja ndinamva ndodo ya Amayi ikugogoda pansi mwamphamvu, gogogo, gogogo, mosalekeza. Tonse tinathamangira kuchipinda, Ababa patsogolo, tikuganiza kuti agwa. Tinawapeza atadzikweza okha pamapilo, maso ali psu, ndodo ikuloza kukhitchini.

"Amake mwana, chavuta n'chiyani? Mutu? Tiitane galimoto?"

Amayi analimbana ndi lilime lawo kwa kanthawi. "Phu... phulani."

Ndinathamanga kukazimitsa moto, koma ndinali nditachedwa kale. Mapulonzi anali atanyala n'kusanduka timabatani. Ababa analawako limodzi, anatafuna, anatafunabe, kenako anakhala pampando.

"Ndawononga," anatero motsitsa mawu. "Ika madzi a phala."

"Ayi, Ababa. Phala analikana kale. Tengani izi zomwezi."

Anapakula mpunga pang'ono, n'kuthira msuzi ndi mapulonzi pambali, n'kunyamula mbaleyo ndi manja awiri. Ine ndinaima pakhomo la chipinda. Amayi anaiyang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Kenako anatenga supuni ndi dzanja lamanzere, anatola pulonzi limodzi movutikira n'kuliika m'kamwa. Anatafuna mpaka anatopa, n'kulilavulira m'kansalu.

Anawayang'ana amuna awo. "Matayala," anatero.

Ababa anawerama. Anatambasula dzanja kuti achotse mbaleyo, koma supuni ya Amayi inawamenya pachala, khwa! Amayi anakokera mbale pafupi. Pang'onopang'ono anayamba kukankhira mapulonzi m'mphepete, mbali imene kunali Ababa, limodzi ndi limodzi mpaka onse anatha. Atatero anasakaniza mpunga ndi msuzi, anakweza supuni, theka n'kutayikira pabulangete, theka n'kufika pakamwa. Anameza. Anatapanso.

Ine ndinafuna kufuula, koma Ababa anandiyang'ana ndi diso lija ankaopsezera nalo okwera aphokoso. Anakhala m'mphepete mwa bedi, anatola pulonzi limodzi ndi zala n'kuyamba kutafuna, nkhope italoza kuwindo. Sanayerekeze kuwayang'ana Amayi, kuopa kuti akawayang'ana supuni ija iima. Anadya matayala awowo onse, nsagwada zikuwawa, makutu ali tcheru kumvetsera supuni ikugunda m'mbale.