Makaka a M'mphepete mwa Tala

Tala watsopano akawombedwa ndi dzuwa amanunkha ngati mphira wopserera, ndipo kwa ine fungo limeneli silibwera lokha. Limabwera ndi fungo lowawasira la chinangwa chosenda chikamauma, ndi chithunzi cha makaka oyera mbee atayalidwa m'mphepete mwa msewu wakuda, kuyambira pakhomo pathu mpaka kufupi ndi msika wa Migowi. Chinali chilimwe choyamba msewu wathu utathiridwa tala. Ndinali mtsikana wa zaka khumi, ndipo ntchito yanga ndikaweruka kusukulu inali kulondera makakawo.

Omanga msewu anasiya kampata mbali zonse ziwiri, kuseri kwa mzere wachikasu, kotambalala ngati mphasa imodzi. Kupitirira pamenepo panali ngalande yakuya ya simenti. Palibe amene anatiuza kuti kampatako n'ka chiyani. Anthu aja anabwera ndi zigalimoto zawo, anagwetsa mitengo yathu iwiri ya mango, anapenta mizere, anajambulitsa, basi n'kumapita. Chikwangwani chokhacho chimene anasiya chinali cha Chingerezi, chongotchula amene anamanga msewuwo. Amayi a m'mudzi mwathu ataona kampata kosalala, kotentha, kopanda fumbi, anangoti boma latimangira poyanikira. Makaka amene padenga ankatha sabata, patala ankauma masiku atatu. Posakhalitsa banja lililonse linali ndi chigawo chake, ndipo panabuka ngakhale mikangano ya malire.

Ife ana tinkandandalika miyala motsata mzere wachikasu kuti pasapite chilichonse chamatayala. Pa ntchito imeneyi panalibe wondiposa. Anzanga ankatola timiyala tating'ono, ine ndinkapita kukhwawa kukasenza zimiyala zofuna manja awiri, n'kuziika mothinana bwino. Ndikatero ndinkakhala pamthunzi ndi anzanga kumasewera phada, kapena kulimbirana magalimoto odutsa, aliyense akuti wofiirayo ndi wake. Tala ankaotcha mapazi moti podutsa tinkachita kudumphadumpha. Wanjinga akayandikira tinkaimirira tonse n'kukuwa kuti apondatu chakudya, iye n'kukhotera pakati pa msewu, ife n'kumaseka kuti tamugonjetsa. Ndimachita manyazi ndikakumbukira kuseka kumeneko.

Abambo anga nawonso anali anjinga. Ankatenga nandolo wa anthu kumidzi ya m'munsi mwa phiri la Michesi n'kukatula kwa mavenda ku Migowi, matumba awiri, nthawi zina atatu, pa njinga yawo yakuda imene ankaipukuta kuposa nsapato zawo za kutchalitchi. Banja lonse tinkadyera miyendo yawo. Anali munthu wofatsa, wosakonda zolankhulalankhula, koma pa nkhani ya chakudya sankaseka ndi munthu. Njere ya chimanga ikagwa pabwalo ankakutoletsa, ndipo akakupeza utaponda ufa wotayika, tsiku limenelo khutu lako linkadziwa. Ankangoti, “Chakudya sitiponda, mwanangu,” ndipo nkhani inkathera pomwepo. Lamulo lina limene ankasunga linali la pamsewu, limene wanjinga aliyense amalidziwa ngakhale silinalembedwe paliponse: hutala ikalira kumbuyo, iwe wanjinga choka, msewu si wako.

Linali tsiku la msika, dzuwa litangopendeka. Ndinawaona akubwera chapatali, atawerama, matumba atatuluka uku ndi uku kumbuyo kwawo. Pambuyo pawo panali lole yonyamula simenti, ndipo kutsogolo kunkabwera minibasi. Lole inaliza hutala osachepetsa liwiro ngakhale pang'ono. Abambo anali atafika pa chigawo chathu. Ndinaona ndi maso angawa tayala lakutsogolo likukhotera kumanzere, kumene kunali miyala yanga ndi makaka athu, kenako n'kubwereranso. Anayesa kuyenda pamwamba pa mzere wachikasu weniweniwo, ngati kuti munthu ndi matumba atatu angakwane pa kamzere kosaposa chikhatho. Lole inakola thumba. Nandolo anamwazika patala ngati mvula yoyamba padenga la malata, ndipo phokoso linalo sindifuna kulifotokoza.

Dalaivala wa lole anatsika akutukwana, akufunsa kuti njinga imafuna chiyani mumsewu. Anthu anawanyamula abambo n'kuwalowetsa mu minibasi ija, amayi akulira chitenje chili m'manja. Ine anandisiya ndi amayi aang'ono, ndipo dzuwa lisanalowe tinaanula makaka onse n'kuwathira m'madengu, chifukwa ngakhale pagwe zotani chakudya sachisiya panja. Mawa lake kunabwera wapolisi ndi tepi yoyezera. Anayang'ana miyala yanga, anapukusa mutu, n'kunena kuti wolakwa ndi wanjinga, chifukwa njira ya njinga ndi kampata aka. Umu ndi mmene mudzi wonse unadziwira ntchito ya kampata kaja, mwendo wa abambo utadulidwa kale m'munsi mwa bondo.

Mkwiyo wanga sunathe mpaka lero, ndipo sindibisa. Ndimakwiya ndi anthu ophunzira amene anajambula msewu uja ali mu ofesi, n'kuona kuti kuitanitsa msonkhano umodzi pansi pa mtengo n'kutaya nthawi. Ndimakwiya ndikamva anthu a m'tauni akuti anthu akumudzi ndi mbuli, amayanika zinthu pamsewu, pamene kutauni komweko njira ya njinga amaimikamo magalimoto awo n'kupita kukagula chipisi. Kwathu kampata kaja pano kadzaza tomato, kaunjika ndi maminibasi oitanira anthu, penti wachikasu anafufutika kalekale, ndipo m'mphepete mwa tala mwadyeka ngati chigumu cholumidwa. Anjinga achuluka kuposa kale, onyamula makala, onyamula odwala, a kabaza, onse akuyendabe pakati pa ngalande ndi matayala a lole. Ndikamapita kumudzi ndimakwera minibasi, dalaivala amawaliza hutala ngati akuthamangitsa nkhuku, ndipo ine ndimangokhala duu, chikwama pamiyendo. Ndimadzikwiyiranso ndekha.

Dzinja la chaka chimenecho tinapulumukira makaka omwewo, ophika ndi nandolo, chifukwa panalibenso wopalasa njinga. Ndinkadya, njala siinkalola kusankha, koma chichokereni pakhomo pa makolo anga sindinawalawenso. Abambo anakhala zaka zambiri pambuyo pake, akumata matayala a anzawo pansi pa mtengo, ndodo ili pambali. Sanatchulepo za miyala ija ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akanandikalipira, mwina ndikanapepesa zikanatha.

Chimene ananena n'chimodzi chokha, tsiku limene amayi ananditenga kukawaona kuchipatala. Ndinaima kumapazi kwa bedi, maso ali pa bulangete pamene panaphwa. Anandikodola, nandifunsa motsitsa mawu, “Makaka aja munaanula?” Ndinati inde. “Sanapondeke?” Ndinati ayi, abambo, ngakhale limodzi. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva nkhani yabwino, n'kutseka maso. Ndipo sindinaname. Tinawaanula onse ali oyera, opanda chidindo cha tayala.