Akazi Ouluka a Bambo Bulashi

Anthu a mumsewu wawo ankawatchula kuti a Bulashi, chifukwa kwa zaka makumi atatu ankapenta nyumba za eni, kukwera makwerero m'mawa, kutsika madzulo tsitsi lili mbuu. Akazi awo, omwe ankasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde, ankaganiza kuti bambowo akadzapuma ntchito, nyumba idzasiya kununkha penti. Anadzinamiza. Atangopuma, a Bulashi anatulutsa zitini zotsalira n'kuyamba kujambula pakhoma la pabalaza.

Akanajambula maluwa, bwenzi pali chonena kwa alendo. Koma iwo anajambula tauni yomwe anabadwira, ndipo anaijambula ngati munthu wobwebweta ndi malungo. Nyumba zinali chadodolido, msewu unkakwera m'mwamba n'kukathera pawindo, mbuzi yobiriwira itakhala phee padenga la positi ofesi. Pamwamba pa zonsezo pankauluka akazi okhaokha: wogulitsa makala ndi dengu lake, azakhali awo atagwira ambulera, namwino wina wa mpata m'mano.

"Nanga awa ndani?" mayiwo ankafunsa, manja ali m'chiuno.

"Awa ankayanika zovala kuseri kwa siteshoni. Ankaimba bwino."

"Miyendo yawo ili kuti?"

"Sindinaionepo. Nthawi zonse ankakhala kuseri kwa mpanda."

Khomalo silinkawapweteka kwenikweni mayiwo, ngakhale ankalinena tsiku lililonse. Chinkawadya mumtima n'chakuti pa akazi onsewo, iwo panalibe. Zaka makumi atatu akuchapa malaya a penti ndi palafini mpaka zala kusupuka, koma malo pakhoma anapeza ndi wogulitsa makala. Makasitomala obwera kudzayesa ana mayunifolomu ankasuzumira pabalaza n'kufunsa kuti, "Nanga inu muli pati?" Mayiwo ankangoluma mapini n'kupitiriza kuyesa.

Tsiku lina analephera kupirira.

"Kodi bambo, ine nkhope yanga ndi yovuta kujambula?"

"Inu ndimakuonani m'mawa uliwonse. Ndikujambulireninji?"

Sabata imeneyo a Bulashi anadzisokera okha mabatani.

Chaka chatha anawonjezera zotopetsa zina. Ankaviika bulashi mu tiyi n'kumwa tiyiyo. Akatumidwa sopo kugolosale ankabwerako ndi machesi, mwinanso chimanjamanja, akumwetulira ngati achita zanzeru. Nsapato zinkapezeka m'kabati ya mbale. Mayiwo ankati ndi mwano wa ukalamba basi, ndipo ankakalipa mpaka makina osokera kumveka ngati akunong'ona.

Lachiwiri lina m'mawa mayiwo analowa pabalaza ndi tsache, n'kuima. Pamwamba pa chitseko panali mkazi watsopano, penti isanaume: mtsikana wa diresi yachikasu, tepi yoyezera ili m'khosi, akuuluka atakwera makina osokera. Diresiyo anaizindikira, chifukwa anaisoka okha asanakwatiwe. Mtima unadumpha ndi chimwemwe, koma pakamwa panazolowera zake.

"Mphuno imeneyi ndi yanga? Mwaikulitsa dala."

A Bulashi anatembenuka, n'kupukuta mpando ndi dzanja, n'kuwakokera mwaulemu ngati mmene amachitira ndi alendo.

"Pepani mayi, mwina inu mungandithandize. Mtsikana uyu wakhala akundibwerera m'mutu sabata yonse. Ndikudziwa kuti ndinkamukonda, koma dzina landithawa. Mukumudziwa?"

Mayiwo anawayang'ana m'maso kufuna kuona ngati ndi nthabwala. Sinali nthabwala. Anakhala pampandopo tsache lili m'manja.

"Ndikumudziwa," anatero. "Ndi wolongolola kwambiri."

"Anakwatiwa?"

"Anakwatiwa."

"Ndi munthu wabwino?"

"Ndi chitsiru china chake chowononga makoma."

A Bulashi anapukusa mutu, chisoni chili pankhope. "Ndiye anachokako?"

"Ayi," anatero mayiwo. "Akadali komweko."