Samu Imene Inamangitsa Eliness

Alipo anthu amene akalephera kamodzi amadzitsekera m'nyumba sabata yathunthu, osasamba, osayankha ndi moni womwe. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, tadzukani pang'ono mumve za mtsikana wina wa kufupi ndi mtsinje wa Songwe ku Karonga. Ameneyu analephera katatu, ndipo atati adzuke anakagwera m'chitolokosi.

M'chaka cha 1977, Eliness anaima pakhomo pa ofesi ya mphunzitsi wamkulu akuwerenga maina a ana osankhidwa kupita ku sekondale. Mainawo anali awiri okha, moti panalibe poti maso n'kusochera, koma iye anawawerenga kanayi. Lake panalibe. Aka kanali kachitatu kulemba mayeso a Sitandade 8.

Masamu ankakhoza mochititsa nsanje. Chimene chinkamugwetsa ndi Chichewa. Kwawo anthu amayankhula Chinkhonde, ndipo Chichewa ankangokumana nacho m'kalasi, pakamwa pa aphunzitsi amene nawonso ankachitafuna movutikira.

"Wakula, Eliness," anatero mphunzitsi wamkulu. "Mabenchi awa ndi a ana. Pita ukathandize makolo."

Bambo ake sanachulutse mawu. Anamulozera dimba la mpunga n'kunena kuti khasu silifunsa munthu Chichewa. Eliness analira mpaka maso kutupa, ndipo anzake amene anakwatiwa kale ankamutcha "asekondale" akamadutsa ndi khasu paphewa. Zinkamupweteka kwambiri.

Pa chipatala chaching'ono cha m'deralo panabwera namwino wa ku Dedza, mayi Loveness, amene sankamva ngakhale liwu limodzi la Chinkhonde. Wodwala akaloza m'mimba iwo ankangoti kakasi. Eliness anadzipereka kuti aziwamasulira. Ankalakwitsa, namwinoyo n'kumaseka mpaka misozi, koma ankamukonza ndi kumupatsa nyuzipepala zakale kuti akawerenge mokweza. Patatha zaka ziwiri, lilime limene linkakana lija linamasuka.

Tsiku lina mayi Keziya, oyandikana nawo nyumba, anabwera ndi mwana wawo Dora amene anali mu Sitandade 8.

"Uyu akugwera pomwe unagwera iwe," anatero mayiwo. "Mugwire dzanja, mwanangu."

Loweruka lotsatira Eliness anasesa shedi yakale yosungiramo mpunga, nakhala pansi ndi Dora. Sabata inayo anabwera ana asanu. Pofika mwezi wachitatu anali makumi awiri ndi atatu, a Sitandade 7 ndi 8. Loweruka lililonse ankayamba ndi kuwerenga, kenaka jografia, n'kutsiriza ndi masamu dzuwa likafika pamutu. Bolodi linali khoma la shedi, choko chinali makala.

Mapu ndiwo ankawavuta anawo. Akawaonetsa mizere ya m'buku ankangoyang'ana ngati ng'ombe yoona njinga. Ndiye Eliness anajambula boma lonse la Karonga pakhoma, mtsinje wa Songwe uli pamwamba, n'kufunsa kuti, "Ndani akudziwa pamene anthu amawolokera kupita ku Tanzania?"

Manja onse m'mwamba! Aliyense ankadziwa dooko limene bambo ake kapena amalume ake amawolokera pokagula zitenje ndi mafuta a nyale. Mwana akatchula dooko, Eliness ankaika kamtanda. Tsiku limenelo mapu analowa m'mitu, ndipo mwa chimwemwe analemba samu pansi pake: "Munthu wanyamuka pa boma la Karonga 5 koloko m'mawa. Akuyenda mamailosi anayi pa ola. Ku Songwe ndi mamailosi 28. Adzafika nthawi yanji?"

Anawo anakopera zonse m'makope, nayankha samuyo, iye n'kuwachongera. Eliness anapita kunyumba osafufuta.

Achinyamata a lero mwina simuonapo vuto. Koma zaka zimenezo chipani chinali chimodzi, makutu ali paliponse, ndipo anthu othawa boma ankawolokera pa Songwe pomwepo. Munthu ukatchedwa mnzake wa zigawenga, abale ako ankasiya kutchula dzina lako pagulu.

Lolemba m'mawa a Chakufwa, tcheyamani wa chipani m'deralo, anasuzumira m'shedimo. Si kuti anali oipa mtima kuposa anthu ena. Anali amantha. Ataona mitanda isanu ndi iwiri pamalire ndi maola a ulendo, anadziwa kuti wina akayamba kukanena, woyamba kufunsidwa adzakhala iwo. Pofika masana Eliness anali atachotsedwa m'dimba, matope ali m'miyendo, akuyenda pakati pa anyamata awiri a chipani kupita ku polisi.

Wapolisi wamkulu pamalopo anali sajeni Julius, wa ku Ntcheu, munthu wosakweza mawu. Anaika patebulo pepala limene a Chakufwa anakoperapo za pakhoma zija.

"Munthu ameneyu wonyamuka 5 koloko, ndani?"

"Palibe, bwana. Ndi samu."

"Samu yokhala ndi madooko asanu ndi awiri? Iwe mtsikana sunawolokepo onsewa. Anakuuza ndani? Nditchulire maina, ukagone kwanu lero."

Eliness anaganiza mofulumira. Akatchula ana, apolisi akafunsa anawo kuti madooko anawadziwa bwanji, ndipo azibambo makumi awiri ndi atatu akatengedwa. Akakhala chete, wotengedwa akhala iyeyo.

"Ndinajambula ndekha, bwana."

Sajeni anapinda pepala lija. "Galimoto yochokera ku boma ibwera Lolemba likubwerali. Ikadzakupeza muno, nkhani yako idzakhala itachoka m'manja mwanga. Kumene ikakakutule sindikudziwa, ndipo sindifuna kudziwa."

Tsiku lililonse ankamutulutsa m'chitolokosi n'kumufunsa funso lomwelo. Lachitatu anamuuza kuti bambo ake abwera koma abwezedwa pa geti. Lachinayi anamuikira pepala ndi pensulo patsogolo, n'kutuluka panja. Eliness anagwira pensuloyo. Dzina la Dora linali kunsonga kwa zala zake, ndipo mumtima munali mawu omuuza kuti dzina limodzi lokha silingaphe munthu. Anaopa, musaganize kuti sanaope. Koma sajeni atabwerera anapeza pepalalo lili loyera.

"Ndiwe wouma mutu," anatero.

"Eee, bwana. Aphunzitsi anga ankateronso."

Loweruka m'mawa, kutatsala masiku awiri kuti galimoto ifike, Eliness anamva phokoso la mapazi panja. Anakwera pa ndowa n'kusuzumira pa kawindo.

Ana onse makumi awiri ndi atatu anali atakhala pansi pabwalo la polisi m'mizere, monga ankakhalira m'shedi, aliyense kope lake pamiyendo. Kumbuyo kwawo kunaima azimayi awo, mayi Keziya ali patsogolo. Pachikuto cha kope lililonse panali dzina la mwana ndi la bambo ake, ndipo m'kati munali mapu omwe aja. Zonse zimene anabisa sabata yathunthu zinali zitabwera zokha pakhomo pa sajeni.

Atamutulutsa, Eliness anaiwala kuti ali m'manja mwa apolisi. "Amayi, mwachitiranji zimenezi? Bwererani nawo anawa!"

"Wabisa maina athu masiku asanu, mwanangu," anatero mayi Keziya m'Chichewa chawo chopindikapindika. "Kyala, Mulungu wathu, waona. Lero tabwera nawo tokha." Kenaka anatembenukira kwa sajeni. "Bwana, lero Loweruka. Ana ali ndi sukulu. Mayeso atsala masabata atatu."

Wapolisi wina anasuntha mfuti paphewa, mwana wina wamng'ono n'kuyamba kusisima. Sajeni anayenda pang'onopang'ono m'mizeremo akutola makope. Anatsegula loyamba, lachiwiri, lachitatu. Paliponse mapu omwewo, ena opindika ngati chinangwa, ndi samu yomweyo itachongedwa ndi pensulo yofiira imene Eliness anapatsidwa ku chipatala. Anawerenga maina a pachikuto mmodzimmodzi, milomo ikuyenda, ndipo mayi aliyense dzina la mwamuna wake likamatchulidwa ankagwetsa nkhope.

Anaima pa kope lina. "Manase ndani?"

Mnyamata wina anaimirira.

"Iwe, munthu uja wati adzafika ku Songwe nthawi yanji?"

"Mawa lake, bwana."

"Nanga uyu walemba 2 koloko. Uyu 9 koloko." Sajeni anatseka kopelo napuma mozama. "Zigawenga zake ziti zolephera masamu chonchi?"

Palibe anaseka. Iye anatenga choko mu ofesi n'kumupatsa Eliness, nalozera chitseko cha galaja. "Akuti ndiwe mphunzitsi. Phunzitsa ndione."

Choko chinathyoka kawiri m'manja mwake. Koma atangotembenukira anawo, mawu anabwerera. Anawerengetsa ndime imodzi, anafunsa mitsinje ya m'bomalo, kenaka anabwereza samu ija, Manase ali pa chitseko. Mnyamatayo anagawa 28 ndi 4, napeza maola asanu ndi awiri, nawawerenga pa zala kuyambira 5 koloko.

"12 koloko masana," anatero motsitsa.

Sajeni anaitanitsa lumo, nadula tsamba la mapu m'kope lililonse, n'kutentha masambawo pabwalo pomwepo pamodzi ndi pepala la a Chakufwa. Makopewo anawabweza kwa eni ake osalemba dzina ngakhale limodzi.

"M'buku langa ndilemba kuti ndinapeza ana akuphunzira," anatero. "Khoma lija ukalimate lero lomwe. Ndipo munthu wako uja kuyambira lero aziyenda cholowera kum'mwera ku Vinthukutu, osati ku malire, wamva?"

"Ndaga, bwana," anathokoza motero mayi Keziya m'Chinkhonde akuwomba m'manja. Eliness anangokhala pansi pafumbi n'kulira, ana atamuzungulira.

Munthu wina akanati basi, sukulu ya Loweruka yandionetsa zokwanira. Bambo ake anamupempha kuti asiye, ndipo mabanja anayi anachotsa ana awo chifukwa cha mantha. Koma Loweruka lotsatira Eliness anali m'shedi, dothi la pakhoma lisanaume bwino, akuphunzitsa otsalawo. Chaka chimenecho ana asanu anasankhidwa kupita ku sekondale, chinthu chimene chinali chisanachitikepo pa sukulu yawo. Dora anali mmodzi wa iwo.

Mphunzitsi wamkulu anamutenga Eliness kuti azithandiza m'makalasi. Madzulo ankaphunzira yekha kudzera m'sukulu ya makalata, mpaka anakhoza mayeso a Fomu 2, napita ku koleji ya aphunzitsi ali ndi zaka 26, wamkulu kuposa onse m'kalasi mwake. Anaphunzitsa zaka makumi atatu. Mwa ana amene anadutsa m'manja mwake muli anamwino, akalaliki ndi aphunzitsi anzake, ndipo palibe bambo ngakhale mmodzi wa ku Songwe amene anagona m'chitolokosi chifukwa cha pakamwa pake.

Abale anga, ine nkhaniyi imandichititsa manyazi ndikakumbuka tizifukwa timene ndimasiyira zinthu panjira. Mwina inunso mwatopa. Mwayesa, mwagwa, ndipo chabwino chimene munayamba ndi chomwe chakubweretserani mavuto. Kuopa opani, ndinu munthu. Koma musagulitse anzanu kuti mupulumuke, ndipo ntchito imene mukudziwa kuti ndi yabwino musaisiye. Pali ena amene akudikira chimene inu mukudziwa. Limbani mtima, dzukani, mukawaphunzitse.