"Tili bwino" wa a Mbewe

Pepani, awerengi, kuti munthu wa sukulu ya kumudzi ngati ine ndilowe nkhani ya malamulo. Ndine mlonda chabe. Koma sabata ino ndinanyamula chikwama cha a Mbewe kuwaperekeza ku bwalo la ndege, ndipo mtima wakana kukhala chete.

Ndimalondera pageti la bungwe lina lofufuza ku Al Sadd, kuno kunja komwe tinabwera kudzagwira ntchito. Mkatimo anthu ophunzira amafunsa, kulemba, n'kulangiza boma za momwe malamulo angakhalire. Chaka chatha mayi wina wa m'menemo anandipempha kuti ndimutengere kwa anzanga ku Najma, dera lomwe timagona. Ankafuna kumva za eksiti, chilolezo chomwe bwana ankayenera kupereka wantchito asanatuluke m'dziko muno.

Ndinakondwa. Tinasesa chipinda, nsapato tinabisa kunsi kwa mabedi, tinagula fanta ndi mabisiketi.

A Mbewe ndi dalaivala, mkulu wa chipinda chathu. Akazi awo atamwalira ku Dedza, mudiri wawo, ndiye kuti bwana wa kampani, anali kutchuthi. Ku ofesi ankangowauza kuti, "Bukra, inshallah," mawa Mulungu akalola. Mawalo linafika maliro ataikidwa kale.

Ndiye mayi uja atafunsa ngati eksiti inawavutapo, a Mbewe anamwetulira.

"Muuze kuti tili bwino. Tikuthokoza kwambiri."

Ndinamasulira momwemo, mayiyo n'kulemba.

Atachoka ndinafunsa chapansipansi, "Bambo, nanga za amayi zija?"

"Iwe Yohane, unaleredwa ndi mbuzi? Mlendo wangolowa, fanta sanamalize, ndimutulire maliro pamwendo? Akabweranso tidzacheza."

Sanalakwe a Mbewe. Kwathu mlendo sauzidwa zowawa tsiku loyamba. Koma mayiyonso sanalakwe: analemba zomwe anamva. Ndipo zomwe amalemba anthu amenewa sizithera mu kabati. Zimakwera mpaka kwa opanga malamulo, amene ku Najma safikako.

Taganizani, nduna ikuwerenga kuti madalaivala ali bwino. Isinthe chiyani?

M'mawa mwake ndikumutsekulira geti mayi uja, ndinalimba mtima. Ndinamuuza kuti kwathu "tili bwino" ndi moni, si yankho. Anafunsa kuti a Mbewe amapuma tsiku liti.

Anabweranso Lachisanu, ndi Lachisanu linanso, wopanda cholembera m'manja. Tsiku lina a Mbewe anamuuza zonse, mpaka za mwana wawo amene anawafunsa pafoni kuti, "Ababa, amayi munakwiya nawo?"

Tsopano eksiti yathetsedwa. Sindikunena kuti lamulo lasintha chifukwa cha chipinda chathu. Olankhula anali ambiri, mabungwe ofufuza ndi oona za antchito analinso ambiri. Komanso silinakhudze onse. Antchito a m'nyumba akadali kudikira. Ndikungoti mabungwewa ndi khutu la boma, ndipo khutu limamva zomwe lauzidwa.

Kumudzi kwathunso ndinaziona. Ofufuza amabwera pagalimoto masana, amayi n'kuwavinira, aliyense n'kuthokoza, dzuwa lisanalowe apita. Kodi ndi malamulo angati amene anamangidwa pa ulemu wathu? Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife timamva m'mimba, koma timasesa kaye pakhomo.

Choncho kwa ofufuza ndipempha modzichepetsa: muzibwerako kachiwiri. Kwa anzanga ndingoti, mlendo wina sabweranso. Mwina fanta angadikire.

A Mbewe apita kukamanga chiliza cha akazi awo. Tchuthi anapempha monga mwa ntchito, koma chitseko cha dziko sanapemphe munthu. Pabwalo la ndege ndinawafunsa kuti akumva bwanji.

"Tili bwino," anatero, n'kuseka. "Ulendo uno ulembe."

Ndalemba. Kudikira siginecha ya mudiri kunatha kwa iwo pa 28 Okutobala 2018.