Ndinadikira Lachiwiri Mkodzo Ukuotcha

Inu owerenga, makamaka amuna anzanga amene imvi zayamba kukutulukani, ndikufuna ndiulule uchitsiru wanga. Ndinadwala matenda a njira ya mkodzo, matenda oti akanatha ndi mapiritsi, koma ine ndinawasunga m'thupi masiku anayi mpaka anandiwononga impso. Ndikudziwa kuti nkhani ya mkodzo siikambidwa pagulu. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, choncho mundipirire ndiikambe momwe inachitikira.

Ine ndine Msilamu, ndimakhala ku Sakubva kuno ku Mutare, m'dziko la Zimbabwe. Bambo anga anachokera ku Mangochi ndipo anakalambira m'minda ya nthochi ku Burma Valley. Mafamu atagawidwa tinasamukira m'tauni, ine n'kupeza ntchito yowotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo ku Paulington. Chiyambire unyamata wanga ndinali ndisanaphonyepo ndi tsiku limodzi lomwe la swaumu, kusala kudya ndi kumwa kwa mwezi wa Ramadhani. Ngakhale chaka chomwe ndinathyoka mwendo ndinamanga swaumu mwezi wonse. Ndipo sindinkabisa ayi, aliyense kumzikiti ankadziwa, chifukwa ndinkamuuza ndine. Anyamata akamasula chifukwa cha malungo ndinkawaseka kuti ndi Asilamu a pa Idi, oonekera tsiku la mpunga lokha.

Shehe wathu, Shehe Twaibu, ndi wamng'ono kwa ine kutalitali. Anabwera kuchokera ku Malawi zaka zochepa zapitazo, ndi Chichewa chake chosalala chija chopanda Chishona. Iye akamaphunzitsa kuti wodwala azimasula n'kudzabweza masikuwo akachira, ine ndinkagwedeza mutu pamaso pake, koma kuseri ndinkati ana a masiku ano anaphunzira chipembedzo chofewa ngati buledi.

Chaka chimenecho Ramadhani inakumana ndi Isitala. Lachinayi m'mawa ndili kuntchito ndinapita kokataya madzi, ndipo abale inu, zinali ngati ndikukodza nthethe za moto zomwe zimathetheka ndikamadula chitsulo. Ndinagwira khoma. Patangopita kanthawi ndinamvanso kuti ndipite, kukafika n'kungotuluka timadontho. Tsiku lomwelo ndikanatha kupita kwa dokotala, koma panali geti loti mwiniwake adzatenge tchuthi chisanayambe, ndiye ndinati ziona mawa.

Lachisanu ndinakweradi kombi kupita ku Greenside, kwa dokotala yemwe ndinazolowera. Ndinapeza geti lokhoma, pali pepala lonena kuti atsegula Lachiwiri. M'munsi mwake analemba momveka bwino kuti wodwala mwadzidzidzi apite kuchipatala chachikulu, kumene satseka usana ndi usiku. Ndisakunamizeni kuti sindinawerenge. Ndinawerenga kawiri. Koma ndinadziuza kuti mwadzidzidzi ndi wogundidwa ndi galimoto kapena mayi woti achire, osati bambo wamkulu woyenda ndi miyendo yake. Ndipo chilungamo chake, mumtima ndinakondwa. Ndinkadziwa kuti dokotala akanandipatsa mapiritsi omwa ndi masana omwe, ndipo piritsi la masanalo likanandidulira swaumu. Geti lokhomalo linandipatsa pothawira.

Apa ndi pomwe ndinachita chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbukira ndimadzigwira pakamwa. Ndinaganiza kuti madzi akachepa kolowera achepanso kotulukira, ndiye ululu uchepa. Dzuwa litalowa, anzanga akugugudiza makapu, ine ndinangonyowetsa kukhosi, n'kudya futali wouma. Pa daku, chakudya cha m'bandakucha chija, sindinakhudze madzi ngakhale pang'ono. Tangoganizani, munthu wosala madzi usana wonse, n'kudzimananso nthawi yomwe Mulungu waloleza kumwa. Nzeru zanga zinali zimenezo.

Loweruka mkodzo unasanduka wambuu, wonunkha moti ndinkathira madzi ambiri m'chimbudzi kuti wobwera pambuyo panga asadabwe. Timadontho tinkangotuluka tokha, ndipo ndinkatawaza, kusamba kokonzekera pemphero kuja, kenako n'kutawazanso, pakuti munthu saswali ali wodetsedwa. Msana unayamba kuwawa cham'mbalimu, pansi pa nthiti. Akazi anga, mayi a Amina, anaona kuti ndikungozungulira kuseri kwa nyumba ndipo anandifunsa. Ndinati ndi msana wa ntchito. Iwo anati, "Bambo a Amina, mukabisa matenda maliro tidzamva." Anandichonderera kuti tipite kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Ndinawakalipira kuti Lachiwiri si chaka chamawa, ndipo asandilamule ngati mwana.

Lamulungu kutacha, ngakhale timadontho tija tinasiya. Ndinkamva chikhodzodzo chodzaza, ndikapita n'kudzikakamiza mpaka thukuta, koma osatuluka kanthu. Pansi pa mchombo panauma gwa ngati dzungu. Dzuwa linali likuswa mtengo, koma ine ndinkanjenjemera mano kuchita kugundana, jekete ili m'thupi. Munthu wanzeru akanaitana galimoto. Ine ndinavala mkanjo n'kumapita ku swala ya masana, poti malo anga ndi mzere woyamba, kumbuyo kwenikweni kwa shehe, ndipo sindinkafuna anthu afunse kuti mdala uja ali kuti. Ndikukumbukira ndikudutsana ndi amayi a tchalitchi atavala zoyera, akuimba nyimbo zawo za Isitala, ndipo mawu awo ankamveka ngati akuchokera patali kwambiri chonsecho ali pafupi nane.

Tinayamba kuswali. Nditawerama, sindinathenso kuweramuka. Zotsatira ndinachita kuuzidwa. Akuti ndinagwera chammbali, ndipo atandinyamula ndinayamba kufunsa bambo anga ngati nthochi zakwezedwa kale m'lole. Bambo anga anamwalira kalekale. Shehe Twaibu sanadikire zokambirana. Anapempha galimoto ya mmodzi wa oswali, n'kudzera kunyumba kukatenga mayi a Amina, ulendo wa kuchipatala.

Inu owerenga, zomwe ndinaona kumeneko zinandichititsa manyazi. Ine ndinkadzinamiza kuti tauni yonse yatseka, aliyense ali kwawo kudya tchuthi. Koma mbali yolandirira odwala mwadzidzidzi inali yotsegula, anamwino akuthamanga uku ndi uku, anthu amene nawonso ali ndi mabanja ndi matchalitchi awo. Masiku onse omwe ndinkabuula kuseri kwa nyumba, anthu amenewa anali pompo, khomo lili pululu, kudikira munthu ngati ine. Namwino wina wachishona, mayi wathupi, anandigwira pamimba, n'kundiyeza kutentha ndi kuthamanga kwa magazi. Nkhope yake inasintha. Anangoti, "Sekuru, manonoka," kutanthauza kuti ndachedwa, ndipo sanandiimike pamzere. Anandigoneka pa bedi la matayala n'kuitana dokotala.

Mukanayesa kuti pamenepo ndinagonja. Ayi ndithu. Nzeru zitabwerera pang'ono ndinaona namwino atanyamula mapiritsi ndi kapu ya madzi, wina akukonza diripi. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma, inali itangokwana fili koloko. Ndinabweza dzanja la namwino, ndikupempha kuti adikire dzuwa lilowe, patsala maola atatu okha. Dokotalayo anali mtsikana wa msinkhu wa Amina wanga. Sanandikalipire. Anandifotokozera kuti tizilombo tachoka m'chikhodzodzo, takwera ku impso, ndipo tayamba kulowa m'magazi, n'chifukwa chake mutu unasokonekera. Anati maola atatu amenewo iye sangandilonjeze kuti ndiwaona. Mayi a Amina anayamba kulira chamumtima, atagwira chitsulo cha bedi.

Pamenepo Shehe Twaibu anatenga kapu ija m'manja mwa namwino n'kugwada pambali panga. Milomo yake inali youma, yong'aluka, pakuti iyenso anali pa swaumu. Anayankhula motsitsa kuti ena asamve. Anati, "Bambo, amene anakulamulani kumanga ndi yemweyo anakulolani kumasula mukadwala. Inu mwasankha lamulo lomwe anthu amakuonani nalo, linalo mwalitaya. Ndiye mukumangira ndani?"

Kalanga ine! Zaka zonse zija palibe anandifunsapo funso limenelo. Mwana yemwe ndinkamunyoza uja anandiikira piritsi palilime ndi dzanja lake, n'kundigwirizira mutu, ine n'kumwa madzi masanasana, mwezi wa Ramadhani, koyamba chikulireni. Ndinkayembekeza kuti ndimva ngati ndachimwa. Koma ndinamva mantha ena achilendo, ozindikira kuti chifundo cha Mulungu chinali chachikulu kuposa momwe ine ndinkachilolera kukhala.

Kenako anandilowetsa kachubu kopyapyala m'njira ya mkodzo. Za manyazi ndinali nditaiwala. Zomwe zinatuluka, abale, sindinakhulupirire kuti zinali m'thupi mwanga. Thumba linadzaza ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, wosakanikirana ndi magazi, analikhuthula, n'kuyambanso kudontha. Ululu womwe unandipinda masiku onse aja unatsika ine ndikuona. Ndinayang'ana kachubuko. Ine wopinda zitsulo ndi manja, kundigwetsa kanjira kochepa chonchi, n'kundidzutsanso kapulasitiki koti mwana akhoza kuseweretsa! Anandiika diripi, mankhwala akulowera m'mitsempha, ndipo pofika m'mawa mwake kunjenjemera kunali kutaleka.

Ndinagonekedwa masiku angapo. Dokotala uja anandiuza kuti amuna tikamakula, kachiwalo kena kali pansi pa chikhodzodzo, kotchedwa prositeti, kamatupa n'kumapanikiza njira. Mkodzo sutha wonse, ndipo wotsalawo ndi umene tizilombo timaswanamo. Kudzimana madzi kuja ndinkangotikonzera malo. Anati kwa mwamuna, mkodzo ukayamba kuotcha si zodikira kuti sabata iyambe, ndipo ndikanabwera Lachinayi kapena Lachisanu akanangoyeza mkodzo, kundipatsa mapiritsi, ine n'kubwerera kunyumba ndi miyendo yanga.

Tsiku lomwe anachotsa kachubu n'kukodza ndekha, ndinatuluka m'chimbudzi cha chipatala n'kuyamba kunena duwa, pemphero lomwe Asilamu timanena tikachoka kumeneko, lothokoza Mulungu pochotsa zoipa m'thupi. Ndinaiphunzira ndili mwana, ndainena kosawerengeka maganizo ali kwina. Tsiku limenelo sindinaimalize, ndinangoyamba kulira. Moyo wanga wonse thupi lakhala likugwira ntchito imeneyi mwakachetechete, kusefa, kusunga, kutulutsa, ine osathokoza ndi kamodzi komwe kochokera pansi pa mtima.

Tsono mverani, amuna anzanga. Mkodzo ukayamba kuotcha, kununkha, kusintha mtundu kapena kutuluka timadontho, pitani mukaonedwe tsiku lomwelo. Mukapeza kwa dokotala wanu kotseka, kaya ndi Loweruka, Lamulungu kapena tchuthi, musabwerere kunyumba. Funsani komwe kuli kotsegula, chipatala chachikulu sichidziwa Isitala. Thupi likatentha, mukamanjenjemera, msana ukamawawa pansi pa nthiti, mkodzo ukatsekeka, kapena mukayamba kuyankhula zosamveka, wodwala mwadzidzidzi uja ndinu, ngakhale mukuyenda nokha. Musadzimane madzi pothawa ululu. Mankhwala mukapatsidwa mumalize onse. Akazi anu akakuuzani kuti tiyeni kuchipatala, nyamukani, iwo amaona zomwe inu mukukana kuona. Ndipo inu Asilamu anzanga, funsani ashehe anu msanga, musadzipangire chipembedzo chouma kuposa chomwe munapatsidwa.

Ine moyo ndinapulumuka, ndipo ndimathokoza. Koma impso zanga sizinabwerere mwakale. Atandiyeza kangapo miyezi yotsatira, dokotala anandiuza kuti ndisadzakhalenso tsiku lathunthu osamwa madzi. Ndinathamangira kwa Shehe Twaibu ndikuyembekeza kuti atsutsa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandiuza kuti dokotala wanena zoona, ndipo m'malo mosala ndizidyetsa wosauka mmodzi tsiku lililonse la mweziwo. Ndinakana kumasula masiku ochepa oti ndikanadzabweza, ndipo ndataya Ramadhani zonse zomwe zanditsalira. Mwezi ukaoneka, anyamata omwe ndinkawaseka aja amamanga. Ine dzuwa likafika pamutu ndimazimitsa makina, ndimapita kuseri kwa shedi kuti ndisawapweteke mtima, ndimatchula dzina la Mulungu, n'kumwa madzi anga.